Za Oyendera Nyumba za Makina m'Cigwa ca Shire

Ife aphunzitsi tiri ndi cinsinsi cathu cimene sitikonda kuciulula, koma lero tiyenera kuyamba naco, pakuti popanda ico nkhani iyi siidzamveka. Kalata ikafika yakuti woyendera sukulu adzabwera Lacitatu, sukulu yonse isandulika. Bwalo limene linamera udzu ciyambire mvula lilimidwa ndi kusesedwa. Zimbudzi zithiridwa phulusa. Mabuku a maina amene anagona milungu itatu osalembedwa adzazidwa usiku pa nyali. Ndipo ana osadziwa kuwerenga akhazikidwa kumbuyo, kuti diso la mlendo lisawapeze msanga. Mlendoyo afika, aona, adya nkhuku, nalemba kuti sukulu iri bwino. Lacinai m'mawa udzu uyambanso kumera. Sitinena izi monyada ai. Tizinena kuti owerenga adziwe kuti polankhula za kuyendera tilankhula cinthu cimene ticidziwa ndi mkati momwe, monga mbala idziwa citseko.

Tsono cinyengo ca m'sukulu, cingakhale ciri coipa, sicidula munthu mkono. Koma muno m'cigwa ca Shire, kuyambira ku Chikwawa kutsikira ku Nsanje, muli nyumba zina zoyenera kuyenderedwa, ndizo nyumba za makina, m'mene abale athu ndi ana amene tinawaphunzitsa agwira nchito usana ndi usiku. M'menemo cinthu cobisidwa pa tsiku la mlendo si buku losalembedwa, koma lamba wa injini wopanda cochinga, waya wa magetsi wosendeka, ndi khomo lothawira moto limene aunjikapo matumba. Mau athu ndi awa, ndipo tidzawabwereza kufikira akuru a Boma atatopa nao: kuyendera kumene kwaneneratu tsiku lace ndiko kuceza cabe; ndipo nyumba ya makina imene siinayenderedwe konse iri ngati dooko limene anthu atungapo madzi osadziwa kuti pali ng'ona.

Panali mnyamata m'kalasi mwathu, wa dzanja lokoma polemba, kotero kuti tinkamtuma kulemba pa bolodi m'malo mwathu. Dzina lace sitilichula. Atatsiriza Sitandade 8 ndarama zakupitira patsogolo zinasowa, napeza nchito pa cigayo cina, pa malo a malonda m'mbali mwa mseu. Cigayoco cinali ca injini ya dizilo, ndi lamba wautali wakucokera ku injini kunka ku mphero. Opanga makinawo anaika citsulo cochinga lambayo. Koma popeza lamba anali wokalamba ndi woguluka kawiri kawiri, ndipo kumasula cochinga ndi kucibwezera kunali kutaya nthawi amai ali pa mzere ndi madengu ao, mwini cigayo analamula kuti cicotsedwe. Anacikoloweka pa msomali ku khoma. Tsiku lina lamba ataguluka, mnyamatayo anafuna kumbwezera injini iri ciyendere, monga anaona anzace acita masiku onse. Lamba anagwira malaya, malaya nakoka mkono. Ku cipatala anaudula pamwamba pa cigongono.

Mwini cigayo analipira galimoto yomtengera ku cipatala, napereka matumba awiri a cimanga, nati mlandu watha. Abale ena anati ndi tsoka; ena anayamba kunong'ona za mai wina wokalamba wa m'mudzimo, ndipo akuru a mpingo anabvutika miyezi yambiri kuzimitsa mau amenewo. Koma sanafike munthu ali yense wa Boma kudzafunsa za citsulo cija ca pa msomali. Sanafike ngozi isanacitike, sanafikenso itacitika.

Makina si acilendo m'cigwa muno. Pamene Livingstone anakwera mtsinje wa Shire caka ca 1859 anapeza Amang'anja ali kulima thonje, kupota ndi kuomba nsaru zao. Koma njinga yopotera ya makolo athu inali kuyenda ndi mphamvu ya dzanja la mwini wace, niima pamene iye waima. Masiku a Nyasaland, a British Cotton Growing Association anamanga nyumba zocotsera njere m'thonje ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, ndi ku Chiromo. Pambuyo pace zina zinamangidwa ku Bangula ndi ku Ngabu. Caka ca 1966 fakitale ya shuga ya SUCOMA inayamba kufinya nzimbe ku Nchalo, ndipo kuyambira 1997 iri m'manja mwa a Illovo. Caka ca 2004 a PressCane anayamba kucheza ethanol ku Dyeratu, pafupi ndi Boma la Chikwawa, ndi madzi akuda aja otsala pophika shuga. Ndipo kuonjeza pa izi zazikuruzi, palibe malo a malonda lero opanda cigayo ca cimanga, makina opunthira mpunga, ndi anyamata ootcerera zitsulo pa khonde. Mphamvu ya makina onsewa siicokera m'dzanja la munthu, ndipo siiima cifukwa munthu wapfuula.

Asatimve molakwa munthu. Pochula maina awa sitiri kuika mlandu pa kampani iri yonse, ndipo ngozi imene tasimbayi siinacitike kwa iwo. Tidziwa bwino kuti ndarama za sukulu za ana ambiri a m'makalasi mwathu zicokera ku nzimbe ndi thonje, ndipo sitiri opusa kuti tigwetse mtengo umene tiri kukhala pa mthunzi wace. Mlandu wathu uli ndi Boma, limene linadzitengera lokha udindo wakuyang'anira nyumba zonsezi, zazikuru ndi zazing'ono zomwe.

Mkono woduka uoneka, ndipo anthu aucitira cisoni. Koma zoopsa zambiri za m'nyumba za makina sizikhetsa mwazi, ndi cifukwa cace zifuna munthu wophunzira nchito yakuyendera, wokhala nazo zipangizo zoyesera. Pfumbi la thonje, munthu akalipuma zaka zambiri, liononga mapapo. Ndipo madotolo anazindikira kale cizindikilo cace, cakuti cifuwa cithina makamaka pa tsiku loyamba la mlungu, munthu atapuma Lamulungu. Wanchito wotere ayamba kuyesedwa waulesi, kapena kuti anamwa dzulo. Pambuyo pace apatsidwa mankhwala a cifuwa wamba. Potsiriza abwerera kumudzi wosatha kukwera ngakhale citunda ca pa mseu, ndipo palibe buku liri lonse limene lilemba kuti nchito ndiyo inamdya. Zotsala za nzimbe zofinyidwa, zikaunjikidwa ndi kucita nkhungu, ziri nayo nthenda yace ya mapapo. Phokoso nalonso liri ndi muyeso: akatswiri anena kuti likapyola madesibelo 85 kwa maora 8 tsiku ndi tsiku, makutu ayamba kufa, ndipo akafa sauka. Muyeso wa ife osaphunzira ndi uwu: ngati muyenera kupfuula kuti akumveni mnzanu woima pa utali wa mkono umodzi, phokosolo lapyola. Lowani m'cigayo ciri conse, muyese nokha.

Ndipo ndani mwa ife akadaganiza kuti shuga, amene tithira m'phala la ana, akhoza kuphulika monga onga? Koma zinacitika. Pa 7 Febuluwale 2008, ku Port Wentworth m'dziko la America, fakitale yoyeretsa shuga ya Imperial Sugar inaphulika, nafa anthu 14, ndi ena ambiri anapsa koopsa. Ofufuza anapeza kuti pfumbi la shuga linadzaza m'ngalande yotsekedwa m'mene munali kuyenda lamba wonyamula shuga, ndipo moto utayamba m'menemo, kugwedezeka kwace kunautsa pfumbi lina limene linakhala nthawi yaitali pa mitanda ndi pansi, nilo linaphulikanso nyumba ndi nyumba. Pfumbi limenelo linali poyera, ndipo tsace likadatha kulicotsa. Cimene cinasowa ndi munthu wa mphamvu yakunena kuti, Imitsani makina kufikira mutasesa.

Tisaiwale kutentha. Ife a kuno sitifuna buku kutiuza kuti m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kupyola madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata muli injini kuposa pamenepo. Ku Nicaragua ndi ku El Salvador odula nzimbe ambiri, amuna a misinkhu ya ana athu, afa ndi nthenda ya impso, ndipo ofufuza aloza cala kwambiri pa nchito yolemetsa m'dzuwa popanda madzi okwanira, mthunzi ndi mpumulo. Madzi, mthunzi, mpumulo: si zinthu za mtengo wapatali. Koma munthu wolipidwa monga mwa kucuruka kwa nchito imene wagwira sadzapuma yekha, pakuti kupuma kwace ndi njala ya ana ace. Ayenera kupumitsidwa ndi lamulo, ndipo lamulo liyenera kukhala ndi maso.

Kodi malamulo palibe? Alipo, abale, ndi okoma ndithu. Nkhani yace ndi yakale, ndipo iri ndi phunziro. Ku England, caka ca 1802, Nyumba ya Malamulo inaika lamulo lakuteteza ana ogwira nchito m'nyumba zopotera thonje, nilamula kuti oweruza a dera liri lonse asankhe anthu awiri akuyendera, mmodzi woweruza, mmodzi mbusa wa mpingo. Lamulolo silinapindule kanthu, pakuti oyenderawo anali anansi a eni makina, ndipo m'madera ambiri sanasankhidwe konse. (Ticiika ici m'kalata ya misyoni mwadala, kuti abusa athu asayese kuti kolala ya m'khosi isandutsa munthu katswiri wa makina.) Caka ca 1833 Boma linalemba oyendera ace ace, olipidwa ndi Boma, okhala ndi mphamvu yakulowa m'fakitale, anali anai okha m'dziko lonse, koma kuyambira pamenepo eni makina anayamba kuopa. Caka ca 1844 lamulo lina linakakamiza kuti makina oopsa achingidwe. Taonani tsono: citsulo cija cokolowekedwa pa msomali ndi nkhani imene anthu anaitsiriza kukangana zaka zoposa 180 zapitazo.

Caka ca 1947 Bungwe la Maiko Loona za Nchito, limene likhala ku Geneva, linalemba Pangano la nambala 81, la kuyendera malo a nchito, ndipo dziko la Malawi linalibvomera caka ca 1965, ufulu uli wakhanda. Pangano lina, la nambala 129, lakufikitsa kuyendera ku minda ikuru ikuru, tinalibvomera caka ca 1971. Mapanganowa apatsa woyendera mphamvu yakulowa pa malo a nchito ora liri lonse, usana kapena usiku, wosauziratu mwini wace. Yakufunsa wanchito payekha popanda kapitao kumvetsera. Ndi yakulamula kuti cinthu coopsa cikonzedwe pomwepo ngati moyo wa anthu uli pa ngozi. Amletsa kuulula dzina la munthu amene anadandaula, namletsanso kukhala ndi phindu liri lonse m'kampani imene ayendera. Ndipo alamula Boma kumpatsa mayendedwe. Caka ca 1997 Nyumba ya Malamulo yathu inaika lamulo la citetezo, umoyo ndi ubwino wa anthu pa nchito, limene lifuna kuti malo a nchito alembedwe m'kaundula, makina oopsa achingidwe, ngozi zazikuru zidziwitsidwe ku Boma, ndi kuti pamene anchito apyola 50 pakhale komiti ya citetezo. Caka ca 2000 kunadza lamulo la cipepeso ca anchito obvulala. Caka ca 2019 tinabvomeranso mapangano ena a ku Geneva a citetezo pa nchito, ndipo limodzi la iwo liteteza wanchito amene wacoka pa malo poona kuti moyo wace uli pa ngozi, kuti asalangidwe. Mapepala tiri nao odzaza nkhokwe.

Cimene ticepa naco ndi mapazi. Mau a Boma la Chikwawa ndi la Nsanje ali ndi maofesi a za nchito, koma akatswiri odziwa kuyesa makina, pfumbi ndi phokoso ndi owerengeka m'dziko lonse, ndipo akhala m'mizinda ikuru. Kucokera ku Blantyre kutsika phiri la Thabwa kufikira ku Nsanje ndi ulendo wa makilomita oposa 150, ndipo mafuta a galimoto sagwa ndi mvula. Tsono lingalirani woyendera, munthu woona mtima, wosowa galimoto. Adzafika bwanji? Ngati apempha mwini fakitale kuti amtumizire galimoto, waneneratu tsiku. Wakwera ya mwini nyumba, adzadya ca mwini nyumba, ndipo adzayenda m'njira imene mwini nyumba wasesa. Kunena zoipa za munthu amene adzakubwezerani kwanu madzulo ndi cinthu cobvuta kwa ali yense wobadwa mwa ulemu wa kuno. Nanga cigayo ca anchito atatu, cimene ciribe galimoto yakutumiza, ciribenso komiti, adzafikako liti? Cotero malo akuru ayenderedwa mwaulemu, ndi malo ang'ono, kumene kuli zala zambiri zoduka, sayenderedwa konse.

Adzatiyankha ena kuti makampani akuru ali ndi anthu ao a citetezo, ndi zikalata zocokera kunja zakucitira umboni kuti zonse ziri m'malo. Tibvomera, ndipo tiyamika pamene nchitoyo icitidwa moona. Tiona ndithu anchito ena ali ndi zisoti, majombo ndi zochinga maso zimene atate ao sanazione. Koma wa citetezo wolipidwa ndi kampani ali ndi bwana, ndipo tsiku limene citetezo citsutsana ndi kufulumira kwa nchito, adziwa kumene kucokera mcere wace. Za zikalata, kumbukirani Karachi. M'mwezi wa Seputembala 2012 fakitale yosoka zobvala ya Ali Enterprises, m'dziko la Pakistan, inapsa, nafa anthu oposa 250, ambiri cifukwa mazenera anali ndi zitsulo ndipo makomo othawira anali otseka; ndipo milungu yowerengeka moto usanabuke, fakitaleyo inali italandira cikalata cakuti iri kusunga bwino anchito ace. Ife amene tinadzaza mabuku a maina usiku pa nyali sitizizwa konse.

Ena adzati, Mukaumitsa malamulo eni makina adzatseka, ndipo ana anu adzasowa nchito. Mau awa ndi akale monga makina omwe. Ananenedwa ku England caka ca 1833, ndipo mafakitale sanathe. Kodi lamba watsopano ndi mabauti anai akubwezera cochinga akadagwetsa cigayo cija? Mtengo wa ngozi ulipo nthawi zonse. Funso ndi lakuti aulipira ndani. Lero aulipira mkazi wa wobvulalayo, ndi mai wace, ndi mpingo umene usonkha, ndi cipatala ca Boma, ndiko kuti ife tonse.

Koma pali mau amodzi amene ali ndi coonadi mkati, ndipo sitiwathawa. Anena kuti anchito eni ace abvula zochinga mphuno, nataya magolovesi, nagwira lamba injini iri kuyenda. Inde acita. Takhala tiri kuwaona, ndipo tawadzudzula. Koma amene anena izi abvale cochinga mphuno m'nyumba ya malata mwezi wa Novembala, maora khumi, kuti atiuze anakhala naco nthawi yotani. Nzeru yonse ya nchito yakuyendera iri pamenepa: munthu atopa, aiwala, afulumira, ndipo cifukwa ca ico coopsa ciyenera kucotsedwa pa gwero lace, pfumbi likokedwe kunja ndi makina, lamba achingidwe kotero kuti ngakhale wotopa asathe kumkhudza. Cilamulo ca Mose comwe, pa Deuteronomo 22, ciika pa womanga nyumba udindo wakuchinga tsindwi lace kuti munthu asagwe. Siciika mlandu pa wakugwayo kuti sanayende bwino. Ndipo kwa abale amene ati linali tsiku lace, kapena afunafuna mfiti, tinena poyera: mfiti ya mnyamata uja inali pa msomali, ndipo ali yense wolowa m'cigayomo anaiona.

Makolo anati, cakudza siciyimba ng'oma. Ngozi siitumiza kalata, woyendera asatumizenso. Tipempha Unduna wa za Nchito kuti cigwa cino, cimene cipatsa dziko shuga, thonje ndi ethanol, cikhale ndi woyendera wace wophunzira za makina, wokhala konkuno, ndi njinga yamoto yace ndi mafuta ace olipidwa ndi Boma. Afike m'nyengo imene makina ali kuthamanga, nzimbe ziri kufinyidwa ndi thonje liri kulowa, si m'miyezi ya mvula pamene zonse zaima ndi kupakidwa utoto. Afike ndi usiku womwe, pa ora lacitatu mbanda kuca, pamene maso alemera ndipo akuru a ofesi ali m'tulo. Alankhule ndi anchito paokha, m'Cimang'anja ndi m'Cisena, makamaka aganyu ndi olembedwa ndi makontirakitala, pakuti iwo ndiwo apatsidwa nchito zoopsa, ndiwonso aopa kulankhula, podziwa kuti mawa akhoza kuuzidwa kuti malo adzaza. Ndipo asanalowe pa cipata ca fakitale iri yonse, ayambe wapita ku cipatala ca Chikwawa, ca St Montfort ku Nchalo, ca Trinity ku Muona ndi ca Nsanje, nafunse anamwino kuti zala zophwanyika ndi zironda za moto zicokera kuti. Pakuti buku la ngozi la pa nchito likhoza kukhala loyera, koma bala silibisika kwa womanga bandeji. Zimene wapeza zilembedwe m'cinenero ca anthu, zikhomedwe pa khomo pamene anchito alowera, kuti adziwe cimene bwana walamulidwa kukonza ndi tsiku lace.

Aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo akhoza kufunsa nduna funso limodzi lalifupi: m'caka cathaci, ndi malo angati a nchito a m'Chikwawa ndi Nsanje amene anayenderedwa mosauziratu? Yankho lace, lingakhale lotani, tidzalisindikiza m'kalata muno. Ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula citseko: wanchito wobvulala, kapena mbale wace, apite ku ofesi ya za nchito pa Boma, nanene, asalandire matumba a cimanga m'malo mwa cipepeso ca lamulo. Amene sadziwa kulemba adze kwa mphunzitsi wa pafupi. Kalata yotere tidzailemba popanda malipiro.

Mnyamata uja tsopano ndi bambo wa ana awiri, ndipo agulitsa mafuta ophikira pa msika. Anadziphunzitsa kulemba ndi dzanja lamanzere, ndipo zilembo zace zapendekera kumbuyo. Mwezi wathawu tinapita ndi cimanga cathu ku cigayo comweco, pakuti palibe cina pafupi. Injini ndi ina, mnyamata wogwira nchito ndi wina, wa zaka ngati 17. Tinayang'ana ku khoma: citsulo ciri pomwepo, ndipo akolowekapo jekete.